Dima la Che Sumaili

Lero kunali sadaka ya Anganga, popeza masiku makumi anayi akwana chiwaikireni m'manda. Anthu anabwera ambiri moti mpunga unachepa. Ine anandipatsa zotsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndipo ndinakondwa, chifukwa kumeneko palibe amene amandifunsa kanthu. Tsopano alendo apita, dzuwa likadalipo, ndiye ndakhala pansi pa mpoza ndi kope langa. Ndikufuna ndilembe za iwo ndisanayambe kuiwala mawu awo. Ndilemba mosamala. Ndinaphunzira kale kuti cholembera chimatha kupweteka munthu.

Dzina lawo linali Che Sumaili. Anali malume awo a amayi anga, ndipo ife tinkawaitana kuti Anganga, monga tiitanira agogo m'Chiyao. Akazi awo anamwalira ine ndisanabadwe. Ana awo awiri anapita kutali kukafuna ntchito, osabweranso. Choncho ankakhala okha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi wathu, ndipo munda wawo unayambira pakhomo pomwepo kutsetsereka mpaka kumsewu wopita ku Nsanama.

Anali osema mipini. M'mudzi muno mulibe khasu limene mpini wake sunadutse m'manja mwawo. Koma munthu sankangofika n'kutola mpini pamulu. Ankamuimika kaye, n'kumuyeza ndi ndodo kuchokera pansi kufika m'chiuno, kenako n'kumutembenuza dzanja kuti aone chikhatho. Ankati chikhatho sichidziwa kunama. Mlendo aliyense, ngakhale shehe, akawapatsa moni wa dzanja, Anganga ankachedwa kulibweza, chifukwa ankayamba aliwerenga.

Mnzawo wamkulu anali a Namakhwa, Mlomwe wa Chikatolika wa kutsidya kwa dambo, wokonda kachasu. Awiriwa sankatha tsiku osakangana.

"Che Sumaili, mpini munandipatsa uja ndi wokhota," ankatero a Namakhwa asanakhale n'komwe pansi.

"Pochoka pano unali wowongoka. Wakhota chifukwa mumadutsa nawo pamowa."

"Inu Ayao, kumwa simumwa, koma pakamwa ndiye pamadzandira!"

Akatero ankagawana chinangwa chootcha, wina kudandaula kuti mnzake watenga mbali yaikulu.

Anthu akuti Anganga anafa ndi chifuwa chimene anachitenga ku Kalembo. Zimenezo n'zoona. Koma chimene chinawapititsa ku Kalembo chinayambira m'kope langa la Chingerezi, chaka chathunthu m'mbuyo mwake, ndipo ndifika pamenepo.

Ndiyambe ndi dima. Munthu ntchito ya kumunda ikamukulira, amaphika thobwa n'kuitana mudzi. Anthu amabwera ndi makasu awo, amapalira munda wonse tsiku limodzi, kenako amakhala pamthunzi n'kumwa. Palibe malipiro. Chimene chilipo n'chakuti nawenso mnzako akadzaitana, udzapita. Anganga sanaphonyepo dima la munthu aliyense. Ankafika woyamba, mame asanaume, ndipo ankatenga mizere ya kumapeto kumene kumakhala namsongole. Analimira Asilamu, analimira Akhristu. Kumene kunali mowa m'malo mwa thobwa, ankalima n'kubwerera kwawo ndi ludzu lawo. Koma iwo sanaitanepo dima ngakhale kamodzi.

Pa nkhani imeneyi ankakangana chaka ndi chaka ndi amayi, amene ankawaitana kuti Amjomba, ndiko kuti malume m'Chiyao.

"Amjomba, mwalimira mudzi wonse. Kodi inu anakuletsani ndani kuitana?"

"Ndikadali ndi msana."

"Msana umenewo ukulira ngati chitseko. Tikuumva tili kunyumba kwathu."

"Ukulira koma ukutseguka."

Ankati dima lili ngati mbuzi yosungitsa kwa mnzako: suithamangira kukaitenga, umadziwa kuti ilipo ndipo ikuswana. Ndikuganiza kuti kudziwa kumeneko kunkawakoma kuposa kuitenga.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, msana uja unakanika. Mvula inagwa bwino, chimanga chinamera bwino, udzu nawo unamera bwino koposa. Anganga ankalima mizere iwiri n'kukhala pansi. Aliyense amadziwa kuti chimanga chikafika m'mawondo, sabata imodzi yochedwa kupalira ndi njala ya chaka chonse. Tsiku lina anabwera kwathu, anakhala nthawi yaitali akukamba za mvula, kenako poimirira anauza amayi osawayang'ana kuti, "Chimera chija chilipo?" Amayi anathamangira m'nyumba kuti asawaone akumwetulira. Uthenga unayenda m'mudzi monse kuti Loweruka lachiwiri kuli dima kwa Che Sumaili, ndipo anthu ankaseka kuti pomaliza nkhalamba yagonja.

Loweruka loyamba, mudzi wonse unali kumsewu. Anyamata a chipani anayenda khomo ndi khomo kunena kuti kudzadutsa munthu wamkulu, ndiye tikalambule msewu ndi kukwirira maenje. Inali ntchito yachitukuko, ankatero. Inali nthawi yopalira, koma palibe amene anafunsa. Nawo Anganga anapita, anazula udzu m'ngalande atakhala pansi.

Lolemba lake, aphunzitsi athu analemba pabolodi mawu a Chingerezi otanthauza kugwira ntchito. Anatiuza kuti tikalembe kunyumba mawu onse a Chichewa oyandikana nawo, aliwonse ndi chitsanzo chake. Ine m'kalasi sindikweza dzanja. Koma za kulemba ndimafuna kuti zanga zikhale zokwanira. Ndiye madzulo ndinapita ndi kope pakhonde pa Anganga. Ndinawapeza akuwotcha msuka wa khasu pamakala kuti abowole nawo mpini.

Nditawafotokozera, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mzungu ali ndi mawu amodzi okha? N'chifukwa chake ankatisokoneza. Khala pansi, mama. Lemba."

Anati ife Ayao timati masengo, a Namakhwa amati muteko ngakhale saudziwa maonekedwe ake, koma dzina la pamwamba silithandiza. Chofunika n'kufunsa kuti thukuta likupita kwa yani. Kulima pako, thukuta limalowa m'nthaka n'kudzakupeza m'nkhokwe. Kutakataka, ndi kwa munthu amene manja ake sakhala, lero mphasa, mawa nsomba. Kutumikira, ndi pamene wapereka manja ako mwa kufuna kwako, monga amachitira osesa mumzikiti. Dima, ndi thukuta losungitsa. Ganyu, ndi kulima ndime ya mwini kuti udye lero, kwinaku munda wako ukudyedwa ndi udzu. Pamenepa anaimika dzanja n'kunena kuti iwo chibadwire ganyu sanamugwirepo, ndipo Mulungu awatenge asanamugwire. Chibalo, ndi cha akaidi.

Kenako anatembenuza chitsulo chija pamoto.

"Pali linanso. Thangata."

Za thangata sankakonda kukamba. Ndinkangodziwa kuti anabadwira pa esiteti ya mzungu kumwera uko, ndipo ali mnyamata ankalima fodya wa mzunguyo miyezi ya mvula kuti nyumba ya amayi awo isagwetsedwe. Tsiku limenelo anandiuza kuti mawuwo kale anali abwino, ankatanthauza kuthandiza. Koma ndi thandizo limene sungathe kukana, limene limabwera nthawi yomwe munda wako ukukufuna, ndipo pomaliza wothokoza umakhala iweyo.

"Chitsanzo chake, Anganga? Aphunzitsi akufuna chitsanzo."

Analoza kumsewu ndi chibwano. "Ngati ija ya dzana ija."

Ndinalemba. Ndinalemba bwinobwino, ndi zilembo zanga zabwino koposa, n'kudula mzere kunsi kwake ndi rula.

Lachitatu aphunzitsi anabwera ndi makope, langa lili pamwamba. Anati pali mmodzi amene wagwira ntchito yoposa onse, ndipo poti mwini wake ndi wamanyazi, awerenga okha. Ndikukhulupirira kuti anali atangoona kutalika kwake, sanawerenge mpaka pansi. Anawerenga mokweza, akugwedeza mutu. Pa ganyu ana anaseka. Kenako anati, "Thangata. Chitsanzo: ntchito imene tinagwira pamsewu Lowe..." Anaima. Anang'amba tsambalo, analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya, ndipo anatiuza kuti titsegule mabuku a masamu. Pa benchi ya kutsogolo panali mwana wa a Tcheya, wapampando wa chipani m'mudzi mwathu. Sindimuda. Anangokakamba kwawo monga mwana akambira zimene waona.

Mawa lake masana a Tcheya anafika kwa Anganga ndi anyamata awiri. Ine ndi amayi tinali pomwepo tikusefa thobwa.

"Salamu aleikumu, Che Sumaili."

"Aleikumu salamu. Khalani pampando, a Tcheya. Khasu lanu lija likulima?"

"Sindinabwerere za makasu. Kusukulu kwamveka mawu. Akuti chitukuko ndi thangata."

Amayi anagwada msangamsanga. "Ndi mwanayu, a Tcheya. Sanamve bwino. Ana a masiku ano amangolemba zilizonse."

A Tcheya anandiyang'ana. Si munthu woipa mtima, ndipo munda wawo Anganga anaupalira kambirimbiri. Ndikuganiza kuti ankafuna kuwatsegulira khomo lothawira.

"Ngati mwana wapeka yekha, nkhaniyi ndi ya kusukulu. Tikauza ahedi amuchotse, zithere pomwepo. Koma ngati anachita kuuzidwa, ndiye ndi nkhani ina."

Ndinayang'ana pansi. Ndinkaona nyerere imodzi ikukoka kanjere ka chimera, ndipo ndinkafuna nditakhala nyerereyo.

"Iyayi," anatero Anganga. "Mwanayu makutu ake ndi abwino kuposa anu ndi anga. Mawuwo ndi anga. Iye anangowasenza, monga asenzera madzi."

"Che Sumaili, ganizani bwino."

"Ndaganiza. Tandiuzani inu, Loweruka lija munthu akanati sindipita, ndikukapalira, mukanamusiya?"

Mmodzi wa anyamata aja anasuntha phazi.

"Basi, dzina la ntchito imeneyo mulipeze nokha," anatero Anganga.

A Tcheya anapuma mozama n'kuimirira. "Ndinu achikulire, sindikutengani. Koma Loweruka likubwerali tonse tibwerera kumsewu. Amene sadzaoneka, tidzadziwa kumene ali."

Atachoka, amayi analira mokwiya. Anati mawu amodzi okha akanatha kuwameza, sukulu ya mwana wamkazi ikanadikira. Anganga anangoti, "Sefa thobwa, lisatsale ndi misere."

Loweruka linacha bwino, lopanda mtambo. Kuchokera pamene tinkagwira ntchito pamsewu, munda wa Anganga unkaoneka wonse. Pansi pa mtengo wa mango panali mitsuko itatu ya thobwa yovundikira ndi masamba a nthochi. Pambali pake anali ataimika makasu asanu a mipini yatsopano, kuchitira amene angabwere ndi khasu logwedera. Iwo anali atavala mkanjo wawo woyera pamwamba pa zovala zolimira, monga munthu wolandira alendo. Anakhala pachitsa kuyang'ana njira. Ine ndinkatuta dothi m'beseni. Ndinaona kuti anthu onse, mudzi wathunthu, ankagwira ntchito atafulatira mbali imeneyo.

Dzuwa litakwera, Anganga anavula mkanjo, anaupinda, n'kulowa m'mizere okha. Patapita nthawi tinaona munthu wina akutulukira cha kudambo, khasu paphewa, akuyenda mokhotakhota. Anali a Namakhwa. Pambuyo pake ankauza anthu kuti chidakwa sachiwerengera pamsonkhano, ndiye palibe akanadziwa kuti palibe. Koma amayi akuti tsiku limenelo sananunkhe kachasu ngakhale pang'ono.

Nkhalamba ziwirizo zinapalira mpaka dzuwa pamutu. Munda wa anthu makumi atatu, iwo anatha kachigawo kokhala ngati mphasa.

Kenako tinawaona akubwera. Anali atamanga mtsuko umodzi ndi luzi n'kuupachika pamtengo, wina kutsogolo wina kumbuyo, akutsika pang'onopang'ono, akukangana njira yonse za amene akupendeketsa. Anautula pakati pa msewu. Makasu onse anaima.

Anganga anapukuta nkhope, n'kunena ndi mawu awo a masiku onse, opanda mkwiyo: "Thobwa la makasu silibwerera m'nyumba. Amamwa ndi amene agwira khasu tsiku limenelo. Mwagwira. Imwani."

Anatunga chipanda choyamba n'kupereka kwa a Tcheya ndi manja awiri. A Tcheya anachigwira nthawi yaitali. Kenako anamwa. Atatero, Anganga anayamba kuitana anthu mmodzimmodzi ndi mayina awo, ngati mmene mwini dima achitira pothokoza: Che uje, bwerani, Abiti uje, bwerani, mwatopa. Aliyense amene ankamuitana, munda wake anali ataulimapo. Iwo sanakumbutse aliyense zimenezo. Anthu ankabwera, kugwada, kumwa maso ali pansi. Mayi wina anamwa theka n'kuyamba kulira, thobwa likutayikira pachitenje. Anyamata a chipani omwe aja anatumidwa kukatenga mitsuko iwiri yotsala, ndipo anapita mwakachetechete ngati ana.

Nditafika ine, ndinangogwira chipanda osamwa.

"Imwa, mama," anatero. "Beseni nalonso ndi khasu."

Wezulo inalira, tinabwerera kuntchito. Munthu wamkulu uja anadutsa patapita milungu iwiri, magalasi a galimoto ali otseka.

Sabata yotsatira mvula inagwa osalekeza. Aliyense anali atatsalira kumunda kwake ndi ma Loweruka awiri, komanso anthu ankaopa kuonedwa m'munda wa munthu amene dzina lake latchulidwa. Ine ndi amayi tinkapita m'mamawa, a Namakhwa masana, koma udzu unatiposa. Chimanga chinasanduka chachikasu, chinabereka tiana tonga zala. Nkhokwe yawo sinafike ndi pakati pomwe.

Miyezi imeneyo ndinasiya kupita pakhonde pawo. Ndinkazungulira njira ya kuchitsime. Tsiku lina anandiitana ndi dzina, ndipo sindikanatha kuthawa. Anatenga dzanja langa n'kulitembenuza monga mwa chizolowezi chawo. Sanayang'ane chikhatho. Anagwira pa chala chapakati, pamene cholembera chinandisiyira kachotupa kolimba.

"Apa pafewa," anatero. "Wasiya kulima?"

Ndinalira. Ndinawauza kuti ndine ndinawaphera dima lawo.

"Iwe unafunsa, ine ndinayankha. Walakwa ndani? Munda wako ndi umenewu, usausiye. Koma uphunzire chimene mlimi aliyense amadziwa: mbewu ina ndi ya kumsika, ina ndi ya m'nyumba."

Ndi iwo amene anandigulira kope lino, limene silipita kusukulu.

Chakudya chawo chinatha mvula ina isanayambe. Amayi ankawatumizira mbale, iwo ankadya pang'ono n'kubweza yotsala, amvekere sangalande chakudya m'kamwa mwa ana. Njala itafika pachimake, anamanga mipini isanu ndi umodzi n'kutiuza kuti akupita ku Kalembo, kutsidya kwa Shire, kukaona mnzawo wakale ndi kugulitsako mipiniyo. Tinadabwa, chifukwa ndi ulendo wa masiku awiri, ndipo iwo sankapereka mpini kwa munthu amene sanamuyeze.

Anabwera patatha milungu itatu, atasenza madeya m'kansalu, akutsokomola kuchokera pansi pa chifuwa. Nditawapatsa moni, sanatulutse dzanja. Munthu amene moyo wake wonse ankatembenuza manja a anzake, tsopano ake anawabisa m'mkanjo. Pamene ndinkawathirira madzi osamba m'manja ndi pamene ndinaona: zikhatho zonse zinali zong'ambika, matuza ataphulika pamwamba pa matuza ena. Linali khasu la eni, la mpini wosawayeza.

"Anganga, ku Kalembo kunali ntchito yanji?"

Anandiyang'ana n'kumwetulira pang'ono.

"Ganyu, mama. Ndinapita kutali kuti a kuno asandione. Lemba, tsopano uli ndi chitsanzo." Anatsokomola. "Mawu ako aja ndawalawa onse, kupatula chibalo. Kwatsala kupuma, koma kumeneko aphunzitsi ako sanafunse."

Sanadzukenso bwinobwino. Anamwalira Lachisanu m'mawa, chimanga cha anthu chitayamba kukhwima.

Ife akazi sitipita kumanda, choncho zakumeneko ndinamva kwa a Namakhwa. Akuti amuna a mudzi wonse anabwera ndi makasu, ambiri kuposa amene akanakwana m'dzenje, moti ankalandizana aliyense atangokumba kawiri kapena katatu. A Tcheya anakumba nawo, ndipo ankakana kutuluka. A Namakhwa akuti anayang'ana makasu onse aja, mipini yonse ili ya dzanja limodzi. Pobwera anaima pafupi ndi amayi, maso ali ofiira, nati, "Dima la mnzanga labwera lero. Onse afika, palibe wajomba." Anafuna kuseka monga mwa masiku onse, koma pakamwa panakana.

Ndisanakhale pansi kulemba izi, ndinapita kunyumba kwawo kukabweza mpando umene tinabwereka pa sadaka. Chitseko n'chomanga ndi luzi. Pakhonde pakadali kadzenje kosalala pamene ankatsamiritsa mtengo posema, ndipo tizipalapala ta mitengo tadzaza m'ming'alu ya pansi, nkhuku zalephera kutitola tonse. Makala a moto wawo womaliza mvula yawamwaza. Pakhoma patsamira mipini iwiri yosatha, yopanda bowo, ndipo sitidziwa kuti anayeza ndani. Mitsuko itatu ija ili kuseri, yovundikirika. Munda chaka chino sunalimidwe. Namsongole wafika m'chiuno kuchokera pakhomo mpaka pansi, ndipo mphepo ikawomba amawerama yense pamodzi, ngati anthu ambiri akupalira. Kumunsi kwake msewu ukuoneka bwino, woyera, wopanda udzu ngakhale umodzi.